Chimbale cha Pacific Breeze: chikoma kwambiri ukadziwa kumene oyimbawa anachokera

Ndinagula CD ya Pacific Breeze, chimbale cha nyimbo za ku Japan zotchedwa city pop za pakati pa 1976 ndi 1986 chomwe kampani ya Light in the Attic inatulutsa mu 2019. Ndalama yanga sinapite pachabe.

Ambiri amadziwa nyimbo za city pop kudzera pa YouTube, n'kumaganiza kuti zinangobadwa zili choncho, zosalala, za m'tauni. Ayi ndithu. Haruomi Hosono ndi Shigeru Suzuki, omwe onse ali m'chimbalechi, anali m'gulu la Happy End kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akuyimba folk ndi rock m'Chijapanizi pa nthawi imene ena ankati chiyankhulo chawo sichiyenderana ndi rock. Kenako Suzuki anapita ku America kukajambula ndi oyimba akumeneko, ndipo anabwerako kamenyedwe ka gitala katasinthiratu.

Kusinthako kumamvekera pa besi. M'nyimbo zawo zakale mawu ndiwo ali patsogolo, gitala akungoperekeza. Muno besi ndi ng'oma ndizo zikutsogolera. Tamverani Midnight Driver ya Minako Yoshida: ndi yaitali, besi wake wolemera, malipenga akulowa pang'onopang'ono, ndipo phazi limayamba lokha kugunda pansi. Iyi ndimaibwereza tsiku lililonse. Ya Taeko Ohnuki, yodandaula za kuchuluka kwa mankhwala, imavinitsa mpaka kuiwala kuti uthenga wake ndi wowawa. Mtima wa oyimba folk sunathe, unangovala suti.

Kabuku ka m'kati kandithandiza kwambiri, chifukwa kamafotokoza mbiri ya oyimbawo, ndipo chithunzi chapachikuto, chojambulidwa ndi Hiroshi Nagai, n'chokongola zedi.

Chomwe chandidandaulitsa n'chakuti Tatsuro Yamashita ndi Mariya Takeuchi mulibe, pomwe ndi mayina akuluakulu a nyimbo zimenezi. Komanso nyimbo zingapo zopanda mawu, zodzadza ndi makina, sizinandigwire mtima, ndimangozidumpha.

Ngati thumba likulola, gulaninso Even a Tree Can Shed Tears, cha kampani yomweyo, chokhala ndi nyimbo za folk ndi rock za 1969 mpaka 1973. Happy End ilimo, Hosono alimonso payekha. Muyambe kumvera chimenecho, kenako Pacific Breeze. Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5.