Ndemanga: myuziyamu ya migodi ku Bisbee, Arizona, ndi yaing'ono koma inandisunga maola atatu

Ndalemba ndemangayi patatha milungu iwiri chibwerereni ku Bisbee, chifukwa tsiku lenilenilo mutu unali wodzaza moti sindikanalemba zomveka. Tinanyamuka ku Tucson, mzinda wa m'chigawo cha Arizona ku America, m'mamawa, ine, mayi a kunyumba ndi mlamu wanga amene amakhala kumeneko, ndipo ndiye ankayendetsa galimoto. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 150 kulowera kum'mwera chakum'mawa, kudutsa Tombstone, mpaka kufupi ndi malire a Mexico. Chakumapeto msewu umalowa m'phanga loboola phiri, Mule Pass Tunnel, ndipo ukangotulukira mbali inayo tauni ija imangoti mbee m'chigwa chopapatiza, nyumba zitakwerana m'mbali mwa mapiri ngati zisa za atchete. Malowa ndi okwera, mamita pafupifupi 1,700, choncho kutentha kwa ku Tucson tinakusiya m'mbuyo.

Bisbee Mining and Historical Museum ili pakati penipeni pa tauni yakale, m'nyumba ya njerwa zofiira yomwe inamangidwa mu 1897 ngati likulu la Copper Queen Consolidated Mining Company, kampani yokumba mkuwa imene inali pansi pa kampani yaikulu ya migodi ya Phelps Dodge. Panja pali tingolo tachitsulo ta mumgodi titaimikidwa pa kapinga. Mlamu anati ola limodzi likwana. Kunena zoona, munthu wothamanga akhoza kuzungulira nyumba yonse m'mphindi 40, pakuti ndi zipinda za pansi ndi za pamwamba basi. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinatuluka patatha maola atatu, anzanga atatopa n'kupita kukamwa khofi.

Mtengo wolowera ndi wochepa poyerekeza ndi zimene zili mkatimo. Amayi achikulire amene anatilandira pakhomo anatifunsa kumene tachokera, ndipo titatchula Malawi anatiuza kuti tiyambire pansi, tidziwe kaye anthu a m'tauniyi, kenako tikwere pamwamba kukaona miyala. Malangizo amenewo anali abwino ndipo nanenso ndikuwapereka kwa inu.

Pansipo ndi pamene pali mbiri ya tauni. Mu 1877 Jack Dunn, amene ankalondolera asilikali njira m'mapiri a Mule, ndiye anaona miyala yosonyeza kuti pansi pali chuma. Amene analembetsa malowo ndi George Warren, munthu wokonda bibida, ndipo nkhani imene imakambidwa mpaka lero ndi yakuti anabetcha gawo lake la mgodi kuti akhoza kuthamanga kuposa hatchi. Hatchi inapambana, iye n'kudzafa ali mmphawi. Tauni inayamba mu 1880 n'kupatsidwa dzina la woweruza milandu DeWitt Bisbee, mmodzi wa anthu amene anaika ndalama mu mgodi wa Copper Queen. Kuchoka apo zinthu zinathamanga. Pofika cha m'ma 1910 m'derali munali anthu oposa 20,000, ochokera ku Cornwall, Ireland, Finland, Serbia, Italy, Mexico ndi kwina, pamene lero m'tauniyi muli anthu pafupifupi 5,000 okha. Zithunzi zikuonetsa msewu wa Brewery Gulch utadzaza ndi mabala, moto wa mu 1908 umene unapsereza mbali yaikulu ya malo a malonda, ndiponso madzi osefukira amene ankakokolola katundu m'chigwamo nthawi ya mvula. Zonsezi ndinaziona mwachidwi koma sindinachedwepo.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa nkhani ya 12 July 1917. Ogwira ntchito m'migodi anali atanyanyala ntchito kuyambira kumapeto kwa June, mothandizidwa ndi bungwe la ogwira ntchito la Industrial Workers of the World. Zimene ankapempha si zachilendo kwa aliyense amene anakhalapo ndi mbale mumgodi: malipiro abwinopo, anthu awiri pa makina oboolera mwala m'malo mwa mmodzi, kusiya kuphulitsa miyala anthu ali mkati mwa ntchito, ndi kusiya kusala mamembala a bungwe. Inali nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse, mkuwa uli pa mtengo, ndipo eni migodi anakana zonse. M'bandakucha wa tsikulo mkulu wa apolisi m'boma la Cochise, Harry Wheeler, anatsogolera amuna pafupifupi 2,000 onyamula mfuti, atamanga nsalu zoyera pamkono kuti azizindikirana. Anayenda khomo ndi khomo kutulutsa anthu, ena asanavale n'komwe bwinobwino, n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku bwalo la mpira la m'dera la Warren. Amene anavomera kubwerera ku ntchito anamasulidwa. Otsalawo, anthu pafupifupi 1,200, anawalonga m'mabogi onyamulira ng'ombe ndi katundu a sitima ya El Paso and Southwestern, n'kukawataya ku Hermanas m'chipululu cha New Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, opanda chakudya. Asilikali a boma ndiwo anadzawatenga n'kukawasunga ku Columbus. Anthu awiri anafa m'mawa umenewo, Orson McRae wa mbali ya onyamula mfuti ndi James Brew wa mbali ya ogwira ntchito. Palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linam'peza wolakwa pa kusamutsa anthuko.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti nkhaniyi ukuiwerenga utaima m'nyumba momwe munali maofesi a kampani imene inali pakati pa zonsezo. Okonza myuziyamu akanatha kuibisa pakona kapena kuipaka mafuta, koma sanatero. Pachithunzi china pali mzere wautali wa amuna ovala zipewa akuyenda pakati pa mfuti mbali zonse ziwiri, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kuti ogwidwa ndi ogwira akufanana zovala, msinkhu, ngakhale nkhope. Anali anthu a m'tauni imodzi, ena oyandikana nyumba. Ndinaonanso kuti sanabise za tsankho la nthawiyo: kwa zaka zambiri anthu ochokera ku Mexico sankaloledwa kugwira ntchito za pansi zomwe zinali za malipiro okwera, ankangopatsidwa za pamtunda, ndipo Matchaina sankaloledwa kugona m'tauniyi. Chifukwa cha chilungamo chimenechi chokha, malowa ndikanawapatsa kale nyenyezi zisanu.

Ndinene pano chimene chinandichedwetsa kwenikweni. Agogo anga aamuna anapita ku Joni kudzera mu Wenela, monga anachitira amuna ambiri a kwathu, ndipo anabwerako ndi sutikesi, wailesi, njinga ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lowaika. Za pansi pa nthaka sankakamba. Ukawafunsa ankangoti, “Iwe mwana, kumeneko si kocheza,” n'kusintha nkhani. Mgodi wawo unali wa golide, uwu ndi wa mkuwa, mayiko ndi otalikirana, koma nditakwera pamwamba pa myuziyamuyi ndinayamba kuona zinthu zimene iwo anakana kundiuza.

Chipinda cha pamwambacho anachikonza mothandizana ndi a Smithsonian, bungwe lalikulu la mamyuziyamu ku America, ndipo ukatswiri wake ukuonekeratu. Umayenda ngati ukulowa mumgodi, kuwala kukucheperachepera. Akuonetsa mmene ankaboolera mwala poyamba: wina agwira chitsulo chosongoka n'kumachipotoza pang'ono pang'ono, mnzake akumenya ndi hamala yaikulu, kuwala kwake kuli kwa kandulo. Taganizani kukhulupirirana kumene kunkafunika pamenepo, dzanja lako lili pansi pa hamala ya munthu wina mumdima. Kenako kunabwera makina oboolera oyendera mphepo, ofulumira kwambiri, koma oyambirirawo ankaboola mouma n'kumatulutsa fumbi losalala la mwala limene likalowa m'mapapo silitulukanso. Ogwira ntchito anawapatsa dzina lotanthauza chopangira akazi amasiye. Pambuyo pake ndi pamene anayamba kupopera madzi poboolapo kuti fumbi ligone. Nditawerenga zimenezi ndinamva kutsokomola kwa agogo usiku, kuseri kwa khoma la chipinda chimene ndinkagona ndili mwana.

Miyala yake ndiye musachite kufunsa. Azurite wobiriwira ngati thambo la madzulo, malachite wobiriwira ngati msipu wa mu January, mkuwa weniweni wotuluka m'nthaka uli nthambinthambi ngati mizu ya mtengo. Abale a ku Copperbelt adzauzindikira malachite msanga. Mayi a kunyumba, amene nkhani za makina sizinkawakhudza, apa ndi pamene anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Chakumapeto akufotokoza chifukwa chimene mkuwa unkafunikira chotere: inali nthawi imene mizinda ya ku America inkakoka mawaya a magetsi ndi a telefoni, ndipo waya aliyense ankafuna mkuwa. Migodi ya ku Bisbee inatulutsa mkuwa woposa matani 3.6 miliyoni ndi golide pafupifupi maaunsi 3 miliyoni, osawerengera siliva, mtovu ndi zinki. Mulinso laibulale yofufuzira mbiri yomwe anthu amabwera kudzafunafuna mayina a makolo awo, koma ife sitinalowemo.

Masana tinapita ku Queen Mine Tour, kamtunda kochepa kuchokera pa myuziyamu. Awa ndi malo osiyana ndipo tikiti yake ndi yapadera. Mgodi wa pansi unatsekedwa mu 1975, ndipo chaka chotsatira anayamba kulowetsamo alendo. Amakuveka chipewa cholimba, chovala chowala ndi nyali, n'kukukweza pa kasitima kamene umakhala chotang'adza ngati pa njinga, kenako kulowa m'phiri mamita pafupifupi 450. Chitseko cha kuwala chikamachepa kumbuyo kwako, anthu onse amangoti zii okha popanda wowauza. Wotitsogolera anali bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito mumgodi, ndipo ankalankhula ngati munthu wofotokoza za munda wake. Anationetsa mmene ankaboolera mabowo pakhoma la mwala, kuikamo zophulitsira, n'kudula zingwe zoyatsira mosiyana utali kuti a pakati aphulike poyamba, a m'mbali pambuyo. Anthu ankabisala n'kumawerenga kuphulika kulikonse, chifukwa kukapereweza kumodzi ndiye kuti imfa ikudikira m'mulu wa miyalawo. Anationetsanso belu limene ankalankhulirana nalo ndi woyendetsa chikepe, chimbudzi cha mipando iwiri choyenda pa njanji, ndi kufotokoza za nyulu zimene zinkakoka tingolo n'kumakhala pansipo nthawi yaitali osaona dzuwa.

Ndinawafunsa kuti, “Bambo, mantha ankatha?” Anandiyang'ana kaye, n'kunena kuti munthu amene mantha amuthera ndi amene anzake ankakana kugwira naye ntchito.

Malangizo anga kwa amene mukufuna kupitako ndi awa. Yambani myuziyamu, mgodi pambuyo. Tinali ndi anthu ena pa kasitimako amene anangofikira ku mgodi, ndipo ankajambula zithunzi mosangalala, koma mafunso awo ankasonyeza kuti akuona zitsulo chabe. Ukadziwa kale za fumbi lija ndi za 1917, makina omwewo umawaona mwina. Tikiti ya mgodi gulirani pasadakhale chifukwa malo pa kasitima ndi owerengeka. Tengani juzi ngakhale kunja kukhale kotentha bwanji, pakuti mkatimo mumazizira pafupifupi madigiri 8 chaka chonse, ndipo valani nsapato zotseka, osati masilipasi. Amene amabanika m'malo opanikizika aganize kawiri, myuziyamu yokha iwakwanira. Misewu ya tauni yakale ndi yopapatiza, choncho mukapeza poimika galimoto isiyeni pomwepo muziyenda wapansi, koma dziwani kuti Bisbee ndi tauni ya masitepe, okalamba ndi a vuto la mawondo asakakamizidwe kukwera. Ana a sukulu za pulayimale chipinda cha pamwamba chiwasangalatsa, cha pansi chili ndi zowerenga zambiri ndipo chimafuna wamkulu woti aziwafotokozera.

Pobwerera tinaima m'mbali mwa msewu pa Lavender Pit, dzenje la mgodi wa pamtunda limene linakumbidwa kuyambira 1950 mpaka 1974. Dzinali si la duwa ayi, ndi la Harrison Lavender, mmodzi wa mabwana a Phelps Dodge. Ndi lakuya mamita pafupifupi 270, makoma ake ofiira, achikasu ndi otuwa, pansi pake pali madzi akuda. Pamene pali dzenjepo panali phiri ndi nyumba za anthu. Kuona n'kwaulere, umangosuzumira pa mpanda wa waya, ndipo mphindi khumi zimakwana. Mlamu anati n'zokongola. Ine sindinayankhe.

Nyenyezi zisanu kwa myuziyamu, zisanu kwa mgodi. Usiku womwewo, kwathu kukucha, ndinaimbira mayi anga kuwafunsa ngati chipewa cholimba cha agogo chija chikadalipo. Anati chilipo, chili m'khitchini, amatapira gaga wa nkhuku. Ndawapempha kuti achitsuke n'kuchisunga m'nyumba mpaka ndidzabwere mu December.