Madzi m'matayala anagwira ntchito, zitsulo ndinagula mwaphuma

Thalakitala yanga ndi Massey Ferguson 135, yakale kuposa ana anga onse. Mtundu umenewu anasiya kuupanga cha m'ma 1970, koma injini yake ya Perkins ya masilinda atatu ikulirabe bwino. Ndinaigula kwa munthu amene anaitola pa esiteti ya fodya itatsekedwa kuno ku Kasungu. Ndimalima nayo maekala anga 18, kenako ndimakagaulira anzanga pa ganyu kuti ndipezeko ya dizilo. Woyendetsa ndi muphwa wanga, ine msana unakana kalekale.

Mu Okutobala chaka chatha inandichititsa manyazi. Tinali m'munda wa mayi ena, dothi la katondo louma gwaa, mvula isanadonthe ngakhale kamodzi. Pulawo ya madisiki atatu ikangolowa pansi, matayala akumbuyo ankayamba kupalasa ngati nkhuku, fumbi koboo, thalakitala osasuntha kwenikweni. Muphwa wangayo ankakweza pulawo pang'ono kuti ayende, ndiye kulima kwake kunali kungokanda pamwamba. Eni munda anafika masana, anaponda ndi chidendene, n'kunena kuti, "Abambo, apa mwalima kapena mwangosesa?" Ndinawachotsera mtengo. Dizilo amene ndinagonera pa mzere kuti ndimupeze anathera kukumba maenje.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena apamudzi pathu, omwe anayendetsa mathalakitala pa esiteti zaka zambiri. Anayang'ana matayala, anagogoda ndi ndodo yawo, n'kuseka. "Mwana wanga, iyi ili ndi ludzu. Imwetseni madzi." Asanandilole kuwononga ndalama anandiuza kuti tiyeze kaye. Tinalemba mzere wa choko pa tayala lakumbuyo, thalakitala inayenda pulawo ili m'mwamba, tinawerenga tayala litazungulira ka 10, n'kuyeza mtunda: mamita 37. Tinabwereza pulawo ili pansi ikulima: mamita 28 basi. Ndiye kuti pa mamita 4 alionse amene tayala linkayenera kuyenda, pafupifupi imodzi inkatayika. Agogowo anati thalakitala yokoka ndi matayala akumbuyo okha iyenera kuserereka ndithu, koma pakati pa 10 ndi 15 peresenti. Yanga inali pa 24.

Ndinaimbira shopu ina yokonza matayala a magalimoto akuluakulu pa boma, kuti adzathire madzi m'matayala akumbuyo thalakitala ilemere. Dzina lake ndilisunga, chifukwa zina zimene ndinene pano si zokoma, ndipo mwini wake ndimakumana naye kumaliro. Chimene ndinawakondera poyamba ndi chakuti anavomera kubwera kumunda. Kuyendetsa 135 pa tala mtunda wonse uja ndi kudya matayala pachabe. Anati afika 8 koloko. Anafika 1 koloko, ine nditatunga kale madzi ndi ana, migolo iwiri ili padzuwa. Anabwera anyamata awiri ndi mwini wake pa kapikiapu, atanyamula jeke yaikulu, kompulesa, kapampu kakang'ono ka madzi, ndi kachitsulo kolumikizira paipi ku valavu, kamene kali ndi potulutsira mpweya pambali. Kumbuyo kwa galimotoyo kunalinso zitsulo zolemera zimene sindinaitanitse. Ndizibwerera.

Ntchito yothira madzi, pa tayala loyamba, inali yoti munthu uime n'kumaonerera. Anakweza mbali imodzi ndi jeke mpaka tayala kusiya pansi, anaikanso chipika pansi pa ekiselo poopa kuti jeke ingaterereke. Anazunguliza tayala mpaka valavu kufika pamwamba penipeni, pamene pamakhala 12 pa wotchi. Mavalavu a matayala akumbuyo a thalakitala amakhala ndi kamutu komasuka konse, kuti bowo likule madzi azidutsa. Anamasula kamutuko, mpweya unatuluka, analumikiza paipi. Ankapopa madzi kanthawi, n'kuima, n'kutsegula potulutsira mpweya kuti wotsekeredwa m'kati uthawe, n'kupopanso. Madzi atafika pa mulingo wa valavu anayamba kubwerera okha, pomwepo ndiye polekezera. Tayala limakhala ladzaza magawo atatu mwa anayi, gawo lotsalalo ndi la mpweya. Muphwa wanga anafunsa kuti bwanji osangodzaza lonse, poti madzi ndi aulere. Mwini shopu anamuyankha bwino kwambiri: madzi sapanikizika. Tayala lopanda mpweya likagunda chitsa lilibe pothawira, limang'ambika, ndipo woyendetsa amamva bampu iliyonse mpaka m'mano.

Matayala anga ndi 12.4-28. Lililonse linamwa malita pafupifupi 130, kunena kwake zigubu za malita 20 zisanu ndi chimodzi ndi theka. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye awiriwo anandipatsa makilogalamu 260, kuposa matumba asanu a chimanga, ndipo kulemera konseko kuli pansi penipeni, pamene tayala likugwira dothi. Madzi anali apachitsime pathu, tinangowasefa ndi chitenje kuti mchenga usakatseke valavu.

Ndinali nditamva kuti kunja amathiramo mankhwala, ndipo ndinafunsa. Apa mwini shopu akanatha kundigulitsa chilichonse cha m'botolo, ine n'kulipira. Sanatero. Anati kumayiko ozizira ngati Canada madzi amauma n'kukhala mwala m'nyengo yachisanu, n'chifukwa chake amasungunuliramo mchere wotchedwa calcium chloride, umene umawonjezeranso kulemera koma ukadontha umadya rimu. Kuzizira kwathu kwa mu Juni ndi Julaye sikungaumitse madzi a m'tayala. Komanso matayala anga ali ndi machubu, madzi sakhudza chitsulo. Pa chilungamo chimenechi ndimamupatsa ulemu mpaka lero.

Zinasokonekera pa tayala lachiwiri. Mwini wake anapita pansi pa mtengo kukayankha foni, mnyamata mmodzi, pofuna kuthamangitsa dzuwa, anamasula valavu asanakweze jeke. Thalakitala inakhalira tayala lopanda mpweya, chubu chinapanidwa, khosi la valavu linang'ambika. Tinazindikira madzi atayamba kutuluka m'mbali mwa rimu. Chubu china analibe. Anabwerera ku boma, anabweranso mawa lake, ndipo pa pepala la ndalama ndinapeza alembapo chubu chatsopano ndi mafuta a ulendo wachiwiri. Ndinati, "Achimwene, chubu anang'amba ndi mnyamata wanu, ine ndinali chiimire pompa." Iye akuti chinali chokalamba kale, chikanaphulikabe. Zoona chinali ndi zigamba ziwiri, sindikana. Tinakangana mpaka akazi anga kutulutsa thobwa kuti mitima itsike. Tinagawana: chubu theka theka, mafuta ake.

Chinanso chimene ndinagwira ndi maso anga ndi mpweya. Anyamatawa anazolowera malole, anapopa matayala anga mpaka 30 pa geji. Agogo aja, amene tsiku lachiwirili anabwera ndi kampando kawo, anakuwa ali chikhalire kuti atsitse afike pa 14. Tayala la thalakitala likauma kwambiri limagwira dothi ndi pakati pokha, mano ake ambiri amangoyandama. Ndikukhulupirira kuti gawo lina la vuto langa la mu Okutobala linali lomweli, chifukwa muphwa wanga ankakonda kupopa tayala mpaka lioneke lonenepa.

Tsopano zitsulo zija. Zinali za mitundu iwiri, zonse zakale, zochoka pa mathalakitala akufa. Zinayi zinali zozungulira ngati mbale, zomangirira ndi mabawuti ku mawilo akumbuyo, ziwiri mbali iliyonse. Tinaziika pa sikelo yanga yogulira soya, chilichonse chinakwana makilogalamu 45. Zina zinayi zinali zokoleka kutsogolo, za makilogalamu 25 chimodzi, zokhala ndi chogwirira ngati sutikesi. Mwini shopu, amene dzulo lake anakana kundigulitsa mankhwala, apa ndiye anatsegula pakamwa. Akuti madzi okha ndi theka la ntchito, akuti zitsulozi zikusowa, akuti pali munthu wa ku Mchinji akuzifuna mawa. Agogo anangoti, "Yambani mwalima ndi madziwo muone." Sindinawamvere. Ndinagula zonse zisanu ndi zitatu, ndalama imene ndinasungira fetereza wobereketsa. Ndalama ya zitsulo inaposa ya ntchito yothira madzi kangapo konse.

Mabawuti amene anabwera nawo anali osiyanasiyana, awiri anali aafupi moti nati inkangogwira mano atatu. Ndinakagula ena ndekha. Titalima tsiku limodzi onse anali atakhwefuka, tinamanganso, ndipo zimenezi palibe anatichenjeza. Chitsulo cha makilogalamu 45 chikamasuka wilo likuzungulira si nkhani yoseka.

Tinabwerera ku choko chathu m'munda wanga, dothi la katondo lomwelo. Ndi madzi ndi zitsulo zonse, tayala litazungulira ka 10 tinapeza mamita 35. Ndinavina, ndimvekere ndapambana. Agogo anapukusa mutu n'kundiitana kuti ndione m'mapazi a thalakitala. Mano a tayala anali atadinda pansi bwinobwino ngati chidindo cha kwa mfumu, osaphwanyika pena paliponse. Anati kumeneko ndiye kulemera kopyola: thalakitala yopepuka imafafaniza mapazi ake onse, yolemera kwambiri imawasiya athunthu, yoyenera imasiya mano akuoneka koma pakati pataphwanyika pang'ono. Injini nayo inkalira molemedwa, utsi wakuda ukutuluka pokwera kamtunda. Tayala likakana kuserereka ngakhale disiki itakola muzu, nkhonya yonse imakathera ku magiya ndi ku kilatchi, ndipo za 135 si zotchipa. Tinamasula mbale zinayi zija, thukuta lili kamukamu, n'kuyezanso: mamita 32 ndi theka, pafupifupi 12 peresenti. Pulawo inkalowa mpaka chikhatho ndi theka, muphwa wanga osagwiranso chokwezera. Munda umene kale tinkatha masiku atatu tinautsiriza tsiku lachiwiri madzulo, ndipo chigubu cha dizilo chinafika patali kuposa kale, ngakhale sindinayeze ndi botolo.

Zakutsogolo zija ndiye sindidandaula nazo ngakhale pang'ono. Kumbuyo kukagwira mwamphamvu, mphuno ya thalakitala imapepuka. Kale pokhota kumapeto kwa ndime, pulawo ili m'mwamba, mawilo akutsogolo ankangonyambita pansi, chiwongolero osamvera, mnyamata n'kumakhota ndi mabuleki. Tsiku lina powoloka ngalande anadzuka ndithu. Makilogalamu 100 amenewa anathetsa zonsezo. Ndikanadziwa ndikanagula zinayi zokhazi.

Madzi nawo ali ndi msonkho wake, ndipo shopu sinanene. Mu Disembala chitsa cha msangu chinaboola tayala lakumanzere. Kale tinkalimasula anthu awiri n'kuligubuduza. La madzi silikhudzika: ukalimasula lili lodzaza n'kukugwera, mwendo wapita. Tinadikira kuti madzi atuluke kaye, valavu ili pansi, m'munda mukhale dziwe, kenako kumata, kenako kuthiranso. Kuthiranso tinachita tokha, mgolo uli pamwamba pa ngolo, paipi yothiririra dimba, madzi akutsika okha. Zinatenga masana onse poti tinalibe pampu, koma zinatheka, ndipo kachitsulo kolumikizira kaja ndinagula kanga. Mpweya tsopano timayeza sabata iliyonse, chifukwa ndi wochepa m'katimo, kadontho kakang'ono kamautsitsa msanga. Poyeza valavu ikhale pamwamba. Geji yanga yoyamba inamwa madzi n'kufa. Pamsewu, tikakoka ngolo ya chimanga, thalakitala imakhazikika bwino, sinjanja ngati kale, koma potsetsereka imafuna mtunda wautali kuti iime, ndipo ndinamuuza mnyamata kuti mabuleki awiri a thalakitala, lakumanzere ndi lakumanja, azikhala omangidwa pamodzi akangotuluka m'munda. Kudambo, mvula itagwa, sindiilowetsako. Dothi lonyowa likapondedwa ndi cholemera limagwirana pansi ngati njerwa, mizu osadutsa, ndipo chimanga cha m'njira ya matayala chimadziwika ndi kufupika kwake.

Anzanga awiri andifunsa kale ngati angaitane anthu omwewa. Ndinawapatsa nambala, poti pampu ali nayo, jeke ali nayo, ndipo mwini wake ntchito amaidziwa. Ndinangowauza kuti asachoke pambali pa thalakitala mpaka tayala lachiwiri litatha, agwirizane za chubu ntchito isanayambe, ndipo zimene zili kumbuyo kwa pikiapu asazione kaye mpaka atalemba choko pa tayala. Mbale zanga zinayi ndinayesa kubweza, anati katundu wogulidwa sabwerera, ndipo munthu wa ku Mchinji uja sanamvekenso. Ziwiri zikupsinja malata pa khola la nkhumba kuti mphepo isawatenge. Ziwiri zinazo zili pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene agogo amakhala akabwera kudzaona ngati tikuyezabe mpweya.