Maphunziro a bulerías ku Jerez: mmene ndikuwaonera patatha miyezi 9

Nditaphunzira bulerías, mtundu wina wa gule wa flamenco wa ku Spain, kwa mwezi umodzi wokha ndinalemba kuti sindinakhutire, chifukwa aphunzitsi athu, mayi achikulire a m'dera la Santiago mumzinda wa Jerez de la Frontera, sankatipatsa gule wathunthu woti tiloweze. Ndinayamba mu Julayi, tsopano papita miyezi 9, ndipo ena mwa mawu aja ndikuwabweza.

Masabata oyambirira tinkangoomba m'manja basi. Bulerías imayenda pa compás, kutanthauza mayendedwe a nyimbo obwerezabwereza, ya mawerengero 12, ndipo mphamvu imagwera pa 12, 3, 6, 8 ndi 10. Mayiwa sankalola munthu kusuntha phazi asanathe kusunga mayendedwe amenewa ndi manja okha, kaya ndi kuomba kwamfuwi kotchedwa palmas sordas, kaya ndi kuomba kolira kwambiri kuja. Panthawiyo ndinkaona ngati ndalama zanga zikulowa m'madzi.

Maganizo anga anasintha pamene woimba anayamba kubwera kawiri pamwezi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kupeka gule pomwepo, kumene alendo timakusirira, kuli ndi malamulo ake okhwima. Woimba akakhala pakati pa letra, yomwe ndi ndime ya nyimbo, wovina amangoyenda pang'onopang'ono mwa marcaje osamusokoneza. Akafuna kusintha amapereka chizindikiro cha llamada, ndipo amatseka ndi remate pamene woimbayo akutseka ndime yake. Kwathu, pa Gule Wamkulu, woimba mbalule amayang'anitsitsa mapazi a wovina, koma kuno nyimbo ikayamba wovina ndiye amatchera khutu. Mawu amene aphunzitsi amabwereza kuposa ena onse ndi "escucha", kutanthauza kuti mvetsera, ndipo ali ndi chizolowezi chomuuza woimba mwakachetechete kuti atalikitse kapena adule ndime kuti aone amene akungovina zoloweza.

Mayeso enieni anandipeza mu Disembala pa zambomba, mwambo wa nyengo ya Khirisimasi umene anthu a ku Jerez amasonkhana n'kumaimba mozungulira. Anandikankhira pakati kuti ndivine pataíta, kagule kakafupi kwambiri, ndipo chifukwa cha mantha ndinaponya llamada msanga n'kumudula woimba pakamwa. Iye anangobwereza mzere uja, oomba m'manja anandidikira, ndipo ndinatuluka pa nthawi yake. Ndikadakhala kuti ndinangoloweza gule, ndikadaima njo osadziwa polowera.

Zofooka zilipo ndithu. Luso la mapazi saliphunzitsa mokwanira, moti ndinakhala miyezi ingapo ndikumenya chidendene molakwika mpaka bondo lamanja linayamba kupweteka, ndipo amene anandikonza anali mnzanga wa m'kalasi. Mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi ya Festival de Jerez, chikondwerero cha flamenco cha mumzindawu, chipinda chinadzaza ndi alendo a masiku ochepa, mwakuti ife akale tinabwerezanso zoyambirira. Komanso munthu wosamva Chisipanishi avutika, pakuti mayiwa amalankhula mothamanga monga a ku Andalusia, chigawo chimene kuli Jerez, akumeza malekezero a mawu, ndipo sanalembepo kanthu pabolodi.

Wofuna mitundu ina ya flamenco monga soleá kapena alegrías yokonzedwa bwino yokavina papulatifomu akafune kwina, chifukwa kuno amaphunzitsa gule wa pabwalo, wa pakati pa anthu. Ine ndalipiriratu miyezi ina itatu, koma Lachiwiri lililonse ndayamba kupitanso kwa mphunzitsi wina wa mapazi okhaokha, kuti bondoli lindifikitse ku zambomba ya chaka chino.