Fisioterapia yofika pakhomo ku Ulongwe: zimene yachita pa dzanja la bambo anga

Ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kuli mayi wina amene anaphunzira fisioterapia, chithandizo chophunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito, ndipo amayendera odwala sitiroko m'makomo mwawo. Ntchito yawo ndaiona ndi maso pa bambo anga, ndipo ndikuiyamikira kwa mabanja amene amaganiza kuti wodwala akangoyamba kuyenda ndi ndodo, dzanja lidzatsatira lokha. Kawirikawiri mwendo ndiwo umayamba kubwerera, mkono n'kutsalira, chigongono chili chopindika ndiponso zala zili zofumbata. Matendawa, amene achipatala kuno amawatcha AVC, anawagwira bambo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo popeza inavulala ndi mbali yakumanzere ya ubongo, dzanja lamanja ndilo linafa.

Mayiwa anayamba ndi kuphunzitsa ife osamalira wodwala. Anatiletsa kudzutsa bambo powakoka mkono wodwalawo, chifukwa minofu ya paphewa ikafooka, fupa limatsetsereka pang'ono pamalo pake, ndipo ululu wobwera pamenepo umachititsa munthu kukana kugwiritsa ntchito mkono wonse. Anachotsanso kampira kofinya kamene achibale anabweretsa, n'kufotokoza kuti dzanja lofumbata kale likusowa kuphunzira kutambasuka, pamene kampirako kamangolimbikitsa kufumbata.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi galasi. Amaliimika patebulo, dzanja lodwala n'kubisika kuseri kwake, ndipo bambo amayang'ana chithunzi cha dzanja labwino likutseguka ndi kutsekeka, moti ubongo umaona ngati lodwalalo ndilo likuyenda. Njirayi anaiyambitsa katswiri wa za ubongo V. S. Ramachandran m'zaka za m'ma 1990 pothandiza anthu odulidwa ziwalo, kenako inayamba kugwiritsidwa ntchito pa sitiroko. Dzanja litayamba kudzuka pang'ono pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono ndipo zala zitayamba kutseguka, mayiwa anayamba kukulunga dzanja labwino m'nsalu kwa maola angapo patsiku, kutsatira njira ya katswiri winanso wa za ubongo, Edward Taub, kuti bambo asazolowere kuchita zonse ndi lamanzere. Zochita zake zinali zapakhomo: kutola nyemba n'kuika m'mbale, kunyamula kapu, kumanga mabatani a malaya, kubwereza mpaka kutopa. Bambo ankakwiya masiku ena, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa n'zowawa kuti munthu amene analima mbatatesi moyo wake wonse alephere kutola nyemba imodzi. Lero amatema okha mbamu ya nsima ndi dzanja lamanja ndipo amapereka moni ndi dzanja lomwelo, ngakhale kuti khasu sanayambe kuligwira.

Mayiwa sanatilonjeze kuchira kwathunthu. Anatiuza poyera kuti kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ndipo pambuyo pake kumapitirira koma pang'onopang'ono, komanso anaumirira kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphidwe ngakhale tsiku limodzi.

Zofooka zilipo. Mtengo wa ulendo uliwonse ndi wolemera kwa banja lodalira ulimi, ngakhale kuti umachepa poyerekeza ndi kukwera chapa (minibasi) ndi wodwala mpaka mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Nyengo yamvula mayiwa amalephera kufika kumidzi ya mbali ya Domwe misewu ikaterera, ndipo wodwala amakhala nthawi yaitali osaonedwa. Chimene chimandidandaulitsa kwambiri n'chakuti mapepala a malangizo amene amasiya ndi a Chipwitikizi, pamene amayi anga, amene amakhala ndi bambo tsiku lonse, amawerenga Chichewa chokha. Amene mukufuna kuwaitana mayiwa, apempheni kuti azifotokoza m'Chichewa pamene wina akujambula kanema pafoni, kuti osamalira wodwala aziona kagwiridwe koyenera ka phewa ndi chigongono pamasiku amene iwo sanabwere.