Wordfence, Cloudflare kapena Sucuri: ndani angakulondereni komishoni?

Tsiku lomwe ndinapeza nkhani yanga ya mainveta ndi mabatire a sola ili pa webusaiti ya munthu wina, liwu ndi liwu mpaka ndi zolakwika zanga zomwe, ndinafufuma sabata yathunthu. Koma chimene chinandidyera ndalama chinali china, ndipo ndinachedwa kuchiona. Amazon imandipatsa komishoni owerenga akagula katundu kudzera pa malinki anga, ndiye wina anali atalowa mu WordPress yanga, pulogalamu yomwe imayendetsa webusaiti yanga, n'kusintha tagi ya m'malinkiwo, kachidutswa kaja kolembedwa "tag=" komwe kamasonyeza mwini komishoni. Anthu ankadinabe, ankagulabe, koma wodyerera anali wina. Polowera pake panali theme yogulitsa, chovala chopatsa webusaiti maonekedwe, yomwe ndinaitsitsa ulere pamalo ena okayikitsa, poti madola ogulira ndinalibe. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Tiyambe ndi othyola, popeza ndiwo amatenga ndalama, tione zida zitatu zotetezera webusaiti kwa iwo.

Cloudflare ili ngati mpanda ndi mlonda wa pageti, monga nyumba za ku Area 10 zija. Mumasintha ma nameserver, omwe amalozera alendo komwe kuli domain (dzina la webusaiti) yanu, ndipo aliyense wofuna kufika kwa inu amayamba wadutsa kwa iwo. Pulani yaulere imabisa adiresi ya seva yanu (kompyuta yomwe imasunga webusaiti), imatchinga chigulu cha maroboti ofuna kugwetsa webusaiti, ndiponso ili ndi batani loletsa ena kuonetsa zithunzi zanu pamasamba awo pogwiritsa ntchito seva yanu. Seva siilemedwa, ndipo masamba amatseguka msangako, zomwe wowerenga wa bandulo ya Airtel kapena TNM amayamikira. Koma mlonda wa pageti sadziwa zomwe zili kuchipinda. Mbava yanga ine ndinalowa nayo ndekha m'thumba, ndipo Cloudflare sikanaiona.

Wordfence imakhala m'nyumba momwemo. Ndi pulagini, kapulogalamu kowonjezera pa WordPress, yomwe imayerekeza mafayilo anu ndi enieni a ku WordPress.org, n'kukuuzani kuti ili lasinthidwa, ili n'lachilendo. Imatsekera kunja munthu amene akungoyesa mapasiwedi, ndipo imakupatsani ulere loko yachiwiri, ya manambala osinthasintha a pafoni. Yaulereyo ili ndi chilema chomwe eni ake sabisa: malamulo atsopano otchingira ndi zizindikiro za mavairasi atsopano zimakufikani patapita masiku 30 olipira atalandira kale. Komanso pa hosting (malo a lendi osungirapo webusaiti) yotchipa, yomwe ambirife tili nayo, sikani yake imatha kulemetsa webusaiti, ndiye ndi bwino kuiyendetsa usiku.

Apa pali msampha womwe ndikufuna anzanga muumvetse. Tagi ikasinthidwa m'kati mwa nkhani zanu, linki imapitabe ku Amazon, malo abwinobwino, choncho sikani ilibe chifukwa cholirira. Wordfence inandipezera fayilo yoipa ija, inde, koma matagi ndinawagwira ndi maso anga nditadabwa kuti alendo akuchuluka pomwe lipoti la komishoni lili zii. Chiyambire pamenepo, Lolemba lililonse ndimatsegula webusaiti pa foni ya mlamu wanga, osalowa ngati mwini, n'kudina malinki angapo. Ndimabwereka foni dala, chifukwa kodi ina yoipa imabisala ikaona kuti wafika ndi mwini webusaiti.

Sucuri, yomwe kampani ya ma domain ndi hosting ya GoDaddy inaigula mu 2017, ndiye kampani ya alonda yobwera ndi galimoto alamu ikalira. Chida chawo chaulere cha SiteCheck chimangoona zomwe mlendo amaona, sichilowa m'seva. Phindu lenileni lili pa pulani yolipira: anthu awo amalowa n'kukuchotserani uve wonse. Ntchito ndi yabwino, koma mtengo uli m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo vuto la ndalama zakunja lomwe limakanitsa makhadi, si chinthu choti munthu wongoyamba azilipira chaka ndi chaka. Ine ndingapite kumeneko pokhapokha webusaiti yomwe imandidyetsa yathyoledwa ndipo ndilibe kope loyera.

Nanga ndisankhe iti? Atandikakamiza imodzi, Wordfence, chifukwa ambirife timagwa ndi mapulagini akale ndi ma theme obedwa, osati ndi chigulu cha pageti. Koma palibe akukakamiza, ziwiri zoyambazo zimakhalira limodzi popanda tambala. Onjezani pulagini ya UpdraftPlus kuti izitumiza makope a webusaiti yanu ku Google Drive, ndipo musamangosunga la dzulo lokha. Langa la dzulo linali ndi mbava momwemo.

Tsono za okopa nkhani. Mapulagini oletsa kudina kumanja kwa mbewa ndi kutaya nthawi. Amangovutitsa wowerenga wofuna kukopa dzina la batire, pomwe wakuba weniweni amatuma roboti kukakolola pa RSS, mndandanda wa nkhani zanu womwe webusaiti imatulutsa yokha kuti mapulogalamu aziwerenga. Kusintha RSS kuti izionetsa chidule chokha, pa Settings kenako Reading, kumathandiza kuposa pamenepo. Pofufuza okopa, webusaiti ya Copyscape imagwira ntchito, koma kuika chiganizo chanu chimodzi chachilendo m'zizindikiro zogwira mawu pa Google kumandipezera zomwezo ulere.

Mukamupeza, misewu ilipo itatu ndipo sifika kumodzi. Lamulo la ku America la DMCA, la 1998, limakulolani kudandaula kwa Google ngakhale muli ku Kawale, ndipo akavomera amachotsa tsambalo pa zotsatira za kusaka. Tsamba lenilenilo limakhalapobe, koma kwa ife odalira alendo a Google, wakuba wosaoneka ndi wakuba wopanda mano. Kudandaula kwa kampani ya hosting yake ndiye kumagwetsa tsambalo, ngati kampaniyo ili m'dziko lomwe limasamala zimenezi. Nthawi zambiri mudzapeza kuti nayenso wabisala kuseri kwa Cloudflare yomweyo. Musagwe ulesi, a Cloudflare ali ndi fomu ya madandaulo ndipo amakapereka dandaulo lanu kwa wosunga webusaitiyo.

Msewu wachitatu ndi wa kwathu kuno. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zolemba, ndipo poti Malawi analowa m'pangano la mayiko la Berne loteteza zolemba mu 1991, nkhani yanu ndi yanu chilembereni, osadikira kulembetsa. COSOMA, nthambi yoona za ufulu wa eni zolemba ndi nyimbo, yomwe inayamba mu 1992 ndipo ili mu Lilongwe momwemuno, ambiri timaidziwira pa ndalama za oyimba. Ndingaganize zopita kumeneko, kapena kwa loya, ngati wondibera ndi wa m'dziko muno amene ndingamuloze. Kwa munthu wopanda nkhope wokhala kutsidya kwa nyanja, fomu ya Google imafika msanga. Za kuthyola nazo zili ndi lamulo lake, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, koma nalonso limafuna kuti pakhale munthu womugwira.

Chenjezo pa DMCA: mumalemba molumbira, ndiye musatchule zithunzi za katundu zomwe munatenga kwa wogulitsa ngati zanu. Winayo ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo akatero tsamba likhoza kubwerera pakatha masiku a ntchito 10 mpaka 14 ngati simunapite kukhoti. Apa m'pamene umboni wa tsiku umagwira ntchito. Ndikangotulutsa nkhani, ndimaisunga pa Wayback Machine, malo osunga makope a masamba ndi madeti ake, ndi kupempha Google kudzera pa Search Console, chida chake cha eni mawebusaiti, kuti iione tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti Google imatha kutumiza dandaulo lanu ku Lumen, nkhokwe ya pa intaneti ya madandaulo otere, komwe aliyense angaliwerenge, ndiye lembani zenizeni zokhazokha, mawu aukali aja muwasiye pa WhatsApp.