Kuchoka pa KIA kukatera ku Joni

Abale anga a ku Area 25 ndi ku Kawale amene mumandifunsa pa foni kuti kodi Joni ndi kutali bwanji pa ndege, ndikuyankheni nonse pamodzi. Kuchoka pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kukatera pa OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,500 mlengalenga, ndege yosaima pena imatenga maola awiri ndi theka basi. Ina imayamba yatera kaye pa Chileka kunyamula anthu aku Blantyre, imeneyo imachedwerako ndithu, ndiye pogula tikiti funsitsani kuti ndi yodutsa kapena yoima. Wotchi musasinthe, nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi.

Koma inetu chimene chimandikhudza ndi ichi. Ambirife tinabwera kuno ku Joni pa basi, ndipo amene anayendapo akudziwa, mumatulukira pa boda ya Dedza, kulowa Mozambique, kutentha kwa ku Tete thukuta kamukamu mpaka malaya kumamatira pampando, kenako Nyamapanda, Harare, Masvingo, ndiye mufike pa Beitbridge pamene mumatsika ndi zikwama zonse nkuima pamzere usiku miyendo itatupa kale, mwana kumsana akulira, pasipoti mwaigwira zolimba kuopa kuti ingagwe. Pofika pa Park Station, potsikira mabasi ku Joni, tsiku lathunthu lapita ndipo lachiwiri lili mkati. Tsono ulendo wonsewo, maboda atatu onsewo, ndege imangowadumpha musanamalize nkomwe tiyi amene akupatsani. Kukakhala kopanda mitambo ukasuzumira pa windo umauona Zambezi pansi pakepo ngati kachingwe koyera, ine mtima unandiwawa poganiza za anzanga amene nthawi yomweyo anali pansipo akudikira chidindo.

Sindikunena kuti aliyense azikwera ndege ayi, tikiti yake ndi yodula zedi, ndipo pali sikelo. Pa basi munthu umanyamula mabulangete, mapoto, ngakhale TV bola ulipire, pa ndege chikwama chikapitirira makilo amene alembedwa pa tikiti amakulipiritsa pomwepo. Katundu wolemera ngwa pa basi kapena matransipota.

Koma pa nkhani ya matenda ndi maliro, chonde achimwene ndi achemwali amene muli kuno, tiyeni tizisunga kangachepe pambali ka tikiti ya ndege. Ukanyamuka mmawa ku Joni masana omwewo uli pa M1 kulowera mtauni, ndipo ngati amayi agonekedwa ku Central ukhoza kuwapeza akadali kuyankhula. Pa basi umafika mwambo utatha, anthu achoka kale pa siwa. Inu akumudzi nanunso musamatibisire matenda mpaka zitafika povuta poti mukuopa kutidandaulitsa, tiuzeni msanga chifukwa tikiti yogula lero kuti ukwere mawa ndiye imakwera mtengo kwambiri.

Amene mukubwera koyamba, pasipoti ya Malawi amakudindirani masiku 30 okha, kaya mwalowera pa Beitbridge kaya pa OR Tambo.