Chingerezi cha malamulo kwa olankhula Chirasha: dikishonale, TOLES, CISG kapena moot?

Wophunzira malamulo ku Moscow, Minsk kapena Almaty akamalimbana ndi Chingerezi cha ntchito yake, amaganiza kuti chomwe chikumusowa ndi mawu. Koma vuto lenileni lili poti malamulo omwe waphunzira ndi a civil law, otsamira pa buku lalikulu la malamulo, pomwe Chingerezi cha maloya chinakulira mu common law ya ku England, komwe zigamulo za majaji zimasanduka lamulo. Njira iliyonse yophunzirira tiziiyeza pofunsa ngati ikukuonetsani lamulo lomwe lili kuseri kwa mawuwo.

Ambiri amayambira pa dikishonale ya zinenero ziwiri, makamaka Multitran ya pa intaneti, kenako n'kumaloweza mawu pa Anki, pulogalamu ya makadi obwerezera mawu. N'zaulere, ndipo mawu amachuluka msanga. Tsoka lake, Multitran imakupatsani matanthauzo ambirimbiri a liwu limodzi, ena olembedwa ndi anthu ongoigwiritsa ntchito, osakuuzani loyenera pa kontrakiti yanu. Taonani arbitrazhnyy sud. Ku Russia limeneli ndi khoti la boma loweruza milandu ya zamalonda. Mukalemba arbitration court, loya wa ku London amva kuti mwagwirizana zokaonekera kwa oweruza omwe mwadzisankhira nokha kunja kwa makhoti a boma, omwe m'Chirasha ndi treteyskiy sud. Ndime yonse yonena za komwe mkangano ukathere yasokonekera pamenepo.

Neustoyka ndiye imapweteka koposa. Ndime 330 ya Civil Code ya Russia imalola kuti wophwanya pangano alipire ndalama yomwe anagwirizana kale, ndipo ndime 333 imapatsa khoti mphamvu yoichepetsa ikakula mopitirira. Dikishonale ikuuzani kuti penalty. Koma ku England ndime yomwe khoti laiona kuti ndi penalty sigwira ntchito. Yomwe imagwira ndi ya liquidated damages, chipukutamisozi chomwe mbali ziwiri zinagwirizaniratu, ndipo muyeso wake unakonzedwanso ndi Supreme Court mu 2015 pa mlandu wa Cavendish Square ndi Makdessi. Chimodzimodzi doveritelnoye upravleniye, kupatsa munthu wina katundu kuti azimuyang'anira, si trust ya ku England, chifukwa ku Russia umwini wa katundu supita kwa womuyang'anirayo. Ndipo consideration, chomwe mbali iliyonse iyenera kupereka kuti pangano la ku England limange, ilibe mnzake weniweni m'malamulo a Russia. Ngati mukugwiritsa ntchito Anki, pa khadi pazikhala chiganizo chathunthu chochokera m'kontrakiti yeniyeni, mneni ndi mperekezi wake zili pomwepo: enter into a contract, liable for the loss, in breach of clause 5. Makadi khumi kapena khumi ndi asanu atsopano pa tsiku ndi okwanira. Mukapitirira apo, obwereza amaunjikana ndipo anthu ambiri amasiya.

Njira yachiwiri ndi maphunziro okonzekera mayeso. Kale ambiri ankalemba ILEC, mayeso a Chingerezi cha malamulo a Cambridge, koma mayesowo anathetsedwa mu 2016. Mabuku ake akadali othandiza, kungoti musalipire aliyense wolonjeza satifiketi imeneyo. Omwe alipo ndi a TOLES, ochokera ku Britain, a magawo atatu: Foundation, Higher ndi Advanced. Ubwino wake ndi dongosolo. Mumaphunzira mmene kontrakiti yamalonda imamangidwira, tanthauzo la mawu akale ngati hereinafter ndi notwithstanding, ndiponso mmene mungafotokozere kasitomala ndime yovuta m'Chingerezi chosavuta. Kwa wofuna ntchito ku kampani ya maloya yoona zamalonda, iyi ndiyo njira yowongoka. Koma imafuna ndalama, pakamwa sipatseguka kwenikweni, ndipo milandu ya upandu siyikhudza mokwanira. Dziwaninso kuti mayunivesite ophunzitsa LLM, digiri yachiwiri ya malamulo, kawirikawiri amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL. TOLES silowa m'malo mwake. Amene Chingerezi chake cha tsiku ndi tsiku sichinafike pa B1, mulingo wapakati wa luso la chinenero, ayambe wakonza chimenecho, apo ayi azingoloweza ndime zomwe sangazisinthe yekha.

Yomwe timaiika patsogolo ndi yachitatu, kuwerenga lamulo limodzi m'zinenero zonse ziwiri. Pangano la United Nations la malonda a katundu pakati pa mayiko, CISG, lomwe linavomerezedwa ku Vienna mu 1980, lili ndi ndime 101 ndipo linalembedwa m'zinenero zisanu ndi chimodzi zofanana mphamvu, Chirasha ndi Chingerezi zili m'gulu momwemo. Apa simukudalira womasulira wosadziwika. Tengani ndime imodzi pa tsiku. Werengani ya Chirasha, tsekani ya Chingerezi, muilembe nokha m'Chingerezi, kenako muyerekeze ndi yovomerezekayo. Paliponse mwasiyana chongani, ndipo zolakwazo muzigawe patatu: za a ndi the, za aperekezi, ndi za aneni. Mphindi 30 kapena 40 zimakwana. Yambani ndi ndime 25 yonena za kuphwanya pangano kwakukulu, 74 ya chipukutamisozi, ndi 79 ya zopinga zomwe munthu sangaziletse.

Pakatha milungu ingapo mudzaona kuti zolakwa zanu n'zomwezomwezo. Chirasha chilibe a ndi the, monganso Chichewa chathu, choncho khutu silimva kusiyana kwake. Koma a director may sign ikutanthauza kuti dayilekitala aliyense angathe kusayina, pomwe the director may sign ikuloza munthu mmodzi wodziwika kale. Kampani ikhoza kumangidwa ndi siginecha yomwe sinkaiyembekezera chifukwa cha kachilembo kamodzi. Chachiwiri, makontrakiti a Chirasha nthawi zambiri amanena udindo ndi mneni wa nthawi ya tsopano, ndiye wophunzira amalemba the Seller delivers the goods. M'Chingerezi chiganizo chimenechi chikungofotokoza zomwe zimachitika. Udindo umafuna shall kapena must, chilolezo chimafuna may. Ena akazindikira zimenezi amathira shall paliponse, ngakhale m'matanthauzo a mawu, mpaka osadziwikanso pomwe pali udindo weniweni. Shall muisungire pomwe munthu akulamulidwa kuchita kanthu. Chachitatu ndi mndandanda wa mayina omwe Chirasha cha m'maofesi chimaukonda: carrying out of the fulfilment of the obligations, pomwe loya wa ku England angolemba perform its obligations.

CISG nayo ili ndi malire ake, ndipo muwadziwe. Olemba ake anapewa dala mawu a dziko limodzi. Pa zopinga zija, ndime 79 sinena force majeure kapena frustration, imanena za impediment. Pothetsa pangano imati avoidance, pomwe kontrakiti ya ku London imati termination. Britain yeniyeniyo siili m'panganoli. Choncho galamala muitenga bwino, koma common law muifunefune kwina. Zigamulo za makhoti a ku England zili pa webusayiti ya BAILII kwaulere, ndipo Supreme Court imatulutsa chidule chachifupi cha chigamulo chilichonse. Yambani ndi chidulecho, chigamulo chonse chibwere pambuyo. Pamenepo mudzamvetsanso chifukwa chake Russia mu 2015 inawonjezera ndime 406.1 ndi 431.2 mu Civil Code yake, zofanana ndi indemnity (lonjezo lobwezera mnzako zomwe wataya) ndi representations (mfundo zomwe mbali imodzi imatsimikizira inzake kuti n'zoona) za ku England, ngakhale sizigwira ntchito ndendende mofanana. Wa ku Kazakhstan ali ndi chifukwa chinanso: khoti la Astana International Financial Centre limaweruza m'Chingerezi potsatira mfundo za common law.

Moot, mpikisano woyeserera kuzenga mlandu, ndiyo yokha mwa njira zinayi izi yomwe imakukakamizani kuyankha funso la woweruza pomwepo mutaimirira. Ya Willem C. Vis imachitikira ku Vienna ndipo mlandu wake umakhala wa CISG, choncho yemwe wadutsa ndime zija amafika atakonzeka. Mlanduwo umatuluka mu Okutobala, zolemba za mbali ziwiri zimaperekedwa mu Disembala ndi Januwale, ndipo kulankhula kumachitika Isitala itayandikira. Ya Jessup ndi ya malamulo a pakati pa mayiko, yoyenera wofuna ntchito za ukazembe kapena za mabungwe a mayiko. Zonse ziwiri zimadya pafupifupi theka la chaka ndipo zimafuna timu ndi mphunzitsi. Musalowe a ndi the zisanakhazikike, chifukwa zolemba za timu zimawerengedwa ndi maloya odziwa Chingerezi, ndipo nthawi yomwe anzanu akanakonza mfundo za mlandu idzathera pokonza ziganizo zanu.